Chikwama cha zigamba chikundipotokera, kodi vuto ndi makina kapena ndine?

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Moni nonse a m'gulu lino. Ndine watsopano pa ntchito yosoka, ndipo ndayamba miyezi itatu yapitayo pa makina a Butterfly opalasa ndi mapazi amene apongozi anga anandisiyira maso awo atayamba kuvuta. Ndinatolera zigamba za zitenje zodzaza jumbo lalikulu, zina zotsala pa madiresi a ana anga, zina zopempha kwa telala wa pamsika, ndipo ndinaganiza zosoka chikwama cha zogwirira ziwiri, chija chimakhala chochindikala chifukwa mkati mwake muli siponji ndipo pamwamba pake pamadutsa misoko yambirimbiri. Ndinalumikiza zigambazo mpaka zinakwana mbali imodzi, koma nditayala pa mphasa ndinaona kuti nsaluyo siyikugona pansi: pakati yatukuka ngati chipewa, ndipo ngodya imodzi yatalika kuposa zinzake. Ndinalimba mtima n'kuika siponji kunsi kwake poganiza kuti misoko ya pamwamba idzaiwongola, koma ndi pamene zinthu zinaipiratu, chifukwa paliponse pamene misoko iwiri yakumana pachita makwinya, ndipo singano ziwiri zathyoka tsiku limodzi. Bambo a kunyumba akuti makinawo akalamba, tiwanyamule tipite nawo kwa amisiri ku Kamuzu Road. Ndisanawononge ndalama ya ulendo, ndati ndiyambe ndafunsa kwa inu amene munayamba kalekale.

Telala_wa_pa_Khonde
Amayi, makinawo asiyeni kaye pamene ali. Ndiyankheni mafunso atatu. Kodi zigambazo munazidula motsatira muyeso kapena mumangoyerekeza ndi maso? Kodi munazichapa ndi kuzisita musanayambe kudula? Nanga zonsezo ndi za nsalu ya mtundu umodzi?

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Zikomo bambo. Ndimangoyerekeza ndi maso, chifukwa ndimaona ngati chigamba ndi chigamba basi. Sindinachape popeza zambiri ndi zatsopano, sizinavalidwepo. Za mtundu, zambiri ndi zitenje, koma mulinso tina toterera totsala pa diresi la ukwati ndi tina ta yunifomu ya sukulu.

Telala_wa_pa_Khonde
Ndiye kuti makina a apongozi anu alibe mlandu, ndipo muwauze bambo a kunyumba kuti ndalama ya ulendo agulire simbi makala. Vuto loyamba ndi kadulidwe. Nsalu ya zigamba imagona bwino pokhapokha ngati mbali ziwiri zimene mukuzilumikiza zili zofanana kutalika kwake. Ina ikatalikirapo, dzanja lanu limakoka yaifupiyo mosazindikira kuti zikumane kumapeto, ndipo kukoka kumeneko ndi kumene kumabereka chipewa chimene mwachionacho. Dulani katoni yolimba ya masentimita 12 mbali zonse zinayi, muziika pa chigamba chositidwa, mulembe m'mbali mwake ndi choko kapena pensulo, kenako mudule ndi sizasi yakuthwa potsatira mzerewo. Posoka muzisiya sentimita imodzi m'mphepete nthawi zonse, ndiye kuti chigamba chilichonse chidzaoneka cha masentimita 10 chikalumikizidwa. Zigamba zinayi m'litali ndi zinayi m'lifupi zikupatsani mbali ya masentimita 40, kutanthauza zigamba 16 mbali imodzi, 32 chikwama chonse.

Kuti sentimita imodziyo isamasinthesinthe, matani kapepala ka selotepi pa chitsulo cha makina, sentimita imodzi kuchokera pa singano, ndipo maso anu azikhala pa mphepete mwa nsalu ndi kapepalako, osati pa singano ayi. Anthu amapeputsa zimenezi, koma werengani nokha: mukalowetsa msoko ndi mamilimita awiri okha, nsalu yafupika ndi mamilimita anayi chifukwa msokowo wadya mbali zonse ziwiri, ndipo misoko itatu ya mzere umodzi ikatero, mzerewo wafupika kupitirira sentimita yathunthu poyerekeza ndi unzake. China n'chakuti katoniyo muziigoneka motsatira ulusi wa nsalu. Mukakoka chigamba m'litali kapena m'lifupi sichitamuka kwenikweni, koma mukachikoka chopingasa, kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya, chimatamuka ngati lasitiki. Chigamba chodulidwa chopingasa ndi chimene chatalikitsa ngodya yanu ija.

Gogo_wa_ku_Linga
Zimene anena atelala n'zoona, koma ndi njira ya munthu amene ali ndi nsalu zambiri. Mwanangu, tayang'ana m'jumbo lakolo, undiuze ngati muli zigamba 32 zimene zingatulutse masentimita 12 mbali zonse. Zotsala za kwa telala zimakhala zazitali zopyapyala za m'mphepete mwa siketi, zina zokhota zochokera m'khwapa ndi m'khosi. Ukatsatira katoniyo utaya theka la zigamba zako, ndipo pamapeto udzapita kukagula chitenje chatsopano kuti uchiduledule, chimene ndi chinthu chopanda nzeru kwa munthu amene adayamba ntchitoyi pofuna kupulumutsa zotsala.

Ife tidaphunzira njira ina. Umatenga nsalu imodzi yathunthu yolimba, kaya ndi shiti yakale ya pabedi, n'kuidula molingana ndi mbali ya chikwama chako, koma uonjezereko masentimita atatu mbali zonse. Pamwamba pake uyalapo chofutukula chako, chija choika mkati kuti chikwama chichindikale, ndipo pakati penipeni uikepo chigamba choyamba nkhope yake ikuyang'ana kumwamba. Chachiwiri uchivundikire pa choyambacho nkhope ndi nkhope, m'mphepete zikumane, usoke msoko umodzi wobowola zonse mpaka pa shiti ya pansi, kenako uchitembenuze n'kuchisita. Chachitatu chimodzimodzi, mpaka shiti yonse itabisika. Zigamba zikhale zazikulu kapena zazing'ono, zowongoka kapena zopendekeka, zilibe kanthu, chifukwa chimene chikusunga muyeso ndi shiti ya pansiyo. Ukamaliza ungodula m'mbali kuti mufanane. Ubwino wake wina ndi wakuti kulumikiza zigamba ndi kuzigwirizitsa ku chofutukula kumachitikira pamodzi, moti makwinya aja akusautsawo sapeza polowera.

Telala_wa_pa_Khonde
Agogo, njira yanuyo ndimaidziwa ndipo sindikuinyoza, koma imabisa ulesi wa kadulidwe. Wophunzira akaizolowera sadzaphunzira kudula mowongoka, ndipo tsiku limene adzafune kusoka kolala ya shati adzalira.

Gogo_wa_ku_Linga
Mwanayu sanafunse za kolala, bambo. Wafunsa za chikwama.

Mlongo_wa_ku_Chipoka
Ine ndili kumbali ya agogo, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene chikwama chake choyamba chinathera pa khomo ngati chopondera mapazi. Ndinayamba ndi njira ya katoni, ndipo ngodya za zigamba zanga sizinakumane ngakhale pamalo amodzi, moti aliyense woona ankangoona cholakwikacho. Pa njira ya agogo palibe ngodya zimene zikuyembekezeka kukumana, choncho diso la woona silipeza poyambira kutsutsa. Munthu amafunika kumaliza chinthu chimodzi chooneka kuti alimbe mtima, zina zija aziphunzira pambuyo pake.

Mphunzitsi_wa_ku_Benga
Pali funso limodzi la atelala limene mwalidumpha nonse, lomwe ndi la kuchapa. Achemwali, mwati simunachape chifukwa zigambazo ndi zatsopano, koma kukhala zatsopanoko ndi chifukwa chenicheni chozichapira. Nsalu ya thonje imafupika ikakumana ndi madzi koyamba, ndipo zitenje za mafakitale osiyana sizifupika mofanana. Mukasoka chigamba chimene chinachapidwapo kambirimbiri pamodzi ndi china chimene sichinaonepo madzi, chikwama chidzaoneka bwino mpaka tsiku loyamba kuchichapa, kenako china chidzakoka chinzake. Chachiwiri ndi kusuluka. Zitenje zina, makamaka zofiira ndi zabuluu wakuda, zimatulutsa utoto wambiri, ndipo chigamba chimodzi chotere chikhoza kudetsa zonse zoyera zozungulira. Gawani zigamba zanu m'mabeseni, zowala pazokha, zakuda pazokha, muziviike m'madzi ofunda a sopo ndipo muzitsukuluza mpaka madzi atayera. Chimene chikutulutsabe utoto mutachitsukuluza katatu, chichotseni pa gululo.

Mayi_wa_Nsomba_Senga
Aphunzitsi, za kusulukazo mankhwala ake ndi mchere. Mayi anga ankaviika chitenje chatsopano m'madzi a mchere usiku wonse, ndipo sichinkasuluka.

Mphunzitsi_wa_ku_Benga
Amayi, mwambo umenewo ndinakula nawo inenso, ndipo sindikufuna kunyoza mayi anu. Mchere umagwira ntchito pa nthawi imene nsalu ikunyikidwa mu utoto, chifukwa umathandiza utotowo kulowa mu ulusi, koma nsalu ikatuluka ku fakitale ntchito imeneyo yatha. Chimene chinkathandiza mayi anu ndi madzi amene chitenje chinagonamo usiku wonse, chifukwa ankachotsa utoto wotsalira umene sunagwire. Yesani nokha: dulani chigamba chofiira pakati, theka muviike m'madzi a mchere, theka m'madzi wamba, mawa mutsukuluze zonse ndipo muzisite zili zonyowa pa nsalu yoyera. Mudzatiuze ngati pali kusiyana.

Mayi_wa_Nsomba_Senga
Ndidzayesa, koma mchere wanga sindisiya, popeza suwononga kanthu.

Telala_wa_pa_Khonde
Tibwerere kwa tizigamba toterera tija. Amayi, tichotseni m'chikwama choyambachi. Nsalu zoterezi kawirikawiri ndi za poliyesitala, zimatsetsereka pansi pa phazi la makina (kachitsulo kopanikiza nsalu pa singano), zimasosoka m'mphepete, ndipo simbi yamakala imene thonje limaikonda imazisungunula. Ngati mukukayika za chigamba china, dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira muyatse ndi machesi panja, madzi ali pafupi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa lonyenyeka ndi zala. Poliyesitala imakwinyika pothawa moto, imasungunuka, ndipo imasiya kam'bulu kolimba kakuda. Zitenje zambiri zotchipa za masiku ano zili m'gulu lachiwirili ngakhale maluwa ake amafanana ndi a thonje, choncho musadalire maso okha.

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Ndayesa madzulo ano monga mwanenera, ndipo ndadabwa kuona kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zigamba zanga zikusungunuka. Ndaziika padera. Tsopano ndikufunsa za chofutukula, chifukwa siponji imene ndinagwiritsa ntchito ndinachita kuisenga ndi mpeni kuchokera ku matiresi akale, ndipo pena ndi yochindikala pena yopyapyala. Kwathu kuno anthu amalima thonje, ndipo mlamu wanga ali nalo lotsala m'nkhokwe. Kodi sindingayale lomwelo mkati?

Gogo_wa_ku_Linga
Usayerekeze, mwanangu. Thonje la kumunda likadali ndi njere, ndipo njere zake zili ndi mafuta amene amadetsa nsalu, komanso singano ikagunda njere imathyoka. Ngakhale utakhala pansi n'kutola njere zonse, thonje losapesedwa likanyowa limaundana m'mibulu, moti chikwama chimakhala ngati mwalowa achule. Siponji ya matiresi nayonso ichotse, chifukwa ndi imene ikukuvutitsa: phazi la makina limaipondereza, nsalu ya pamwamba n'kumakankhidwira kutsogolo pamene ya pansi ikukokedwa ndi mano a makina, ndipo nsalu yokankhidwayo ikafika pa msoko wina imasowa kolowera n'kupindika. Chinthu chabwino chili m'nyumba mwako momwemo, ndicho bulangete lopyapyala lakale kapena thaulo limene latha ubweya. Pa kaunjika pamapezekanso timabulangete ta makanda tofewa tija, ndipo kamodzi kokha kamakwanira chikwama chonse.

Mnyamata_wa_ku_Dwangwa
Ine ndimasoka zikwama za ana asukulu, ndipo mkati ndimaika thumba la shuga kapena la mpunga lochapidwa bwino. Chikwama chimaima chokha, ndipo madzi salowa msanga.

Mlongo_wa_ku_Chipoka
Achimwene, thumbalo limalira munthu akamayenda, ndipo simbi ikalikhudza limasungunuka. Pa njira ya agogo, pamene chigamba chilichonse chiyenera kusitidwa chikangosokedwa, silingatheke.

Mnyamata_wa_ku_Dwangwa
Pamenepo mwandigwira, achemwali. Ine ndimaliika pomaliza, pakati pa nsalu ya kunja ndi ya mkati, ndipo ndimaika pansi pa chikwama pokha kuti pasalendewere. Ndikuvomereza kuti m'mbali si malo ake.

Telala_wa_pa_Khonde
Za singano zothyoka palibe amene wayankha. Singano ya nambala 14 ndi ya chitenje chimodzi kapena ziwiri. Mukasanjikiza zigamba, bulangete ndi shiti, gwiritsani ntchito nambala 16, ndipo pa zogwirira, pamene nsalu zimachuluka kwambiri, nambala 18 siilakwa. Koma ndikukayikira kuti chimene chinathyola singano zanu ndi dzanja lanu lamanzere. Ophunzira onse akaona nsalu yochindikala ikuchedwa kuyenda amaikoka kumbuyo kwa makina, singano n'kupindika pang'ono, ndipo m'malo molowa m'kabowo kake imagunda chitsulo. Ntchito yoyendetsa nsalu ndi ya mano a makina, yanu ndi yowongolera basi. Talikitsani msoko potsitsa kachitsulo ka kumanja kaja, kuti pa sentimita imodzi pazikhala timisoko titatu kapena tinayi, ndipo masulani pang'ono sikuluwu ya pamwamba pa mutu wa makina imene imapanikiza phazi. Pamalo pamene pakumana misoko yambiri, siyani kupalasa, muzungulitse gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka mutadutsa. Ngati mukufunabe kuonjezera misoko yokongoletsa pamwamba, yambirani pakati kupita kunja, mizere italikirane ndi masentimita atatu kapena anayi, ndipo musanayambe gwirizitsani nsalu zonse ndi misoko ikuluikulu ya pamanja imene mudzaimasula pambuyo pake.

Mayi_wa_Nsomba_Senga
Popeza atelala muli pompano, ndiloleni ndifunse chinthu chimene chakhala chikundiwawa. Achemwaliwa akuti zigamba zina anachita kupempha kwa telala. Kodi zigambazo ndi za telala kapena za eni nsalu? Ine ndinapereka zitenje ziwiri kwa telala wina kuti andisokere diresi la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinabwezeredwe ngakhale kansalu ka m'mutu. Patapita mwezi ndinakumana ndi nsalu yanga yomweyo itakhala matumba a shati ya munthu wina pa depoti.

Telala_wa_pa_Khonde
Amayi, amene anakuchitirani zimenezo analakwa, ndipo sindimuikira kumbuyo. Chotsala chimene chingatuluke duku, lamba kapena thumba ndi cha mwini nsalu, ndipo telala waulemu amachipinda n'kuchiika m'jumbo limodzi ndi chovalacho asanafunsidwe. Koma tizidutswa togwa pansi pa tebulo, tosakwana chikhatho, palibe kasitomala amene amabwerera kudzatitenga, ndipo tikapanda kupatsa anthu ngati mayi a ku Khombedzawa timangotitentha kuseri kwa msika. Kale tinkachita kuwapempha anthu kuti atichotsere, koma masiku ano oluka zopondera pakhomo ndi osoka zikwama achuluka, moti anzanga ena ayamba kugulitsa.

Mayi_wa_Nsomba_Senga
Ndiye kuti akugulitsa nsalu zathu kachiwiri.

Mphunzitsi_wa_ku_Benga
Njira yopewera mkangano umenewu ndi kunena pa tsiku lopereka nsalu kuti zotsala zonse, zazikulu ndi zazing'ono, mudzazifuna. Ambiri timachita manyazi kunena, kenako n'kumadandaula kumbali. Koma kuchuluka kwa ofuna zigambaku ine kukundisangalatsa. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60 pa muyeso wa kuchindikala kwake anakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linawatsimikiza mu 2019, komabe amene amayenda m'mbali mwa nyanja akudziwa kuchuluka kwa majumbo amene amakokoloka ndi mvula. Mayi aliyense akanakhala ndi chikwama chake cholimba chopita nacho kumsika, majumbo ambiri sakanatengedwa n'komwe. N'chifukwa chake ndikufuna kuti chikwama cha achemwaliwa chikhale chotha kunyamula ufa ndi tomato, osati chongokongola.

Gogo_wa_ku_Linga
Aphunzitsi atifikitsa pa zogwirira, ndipo mpamene zikwama zambiri zimafera. Mwanangu, zogwirira usazipange ndi tizigamba tolumikiza, chifukwa msoko uliwonse wopingasa ndi malo odukira. Funa nsalu imodzi yathunthu yolimba, ndipo mwendo wa jinzi yakale ndi wabwino koposa. Dula masentimita 10 m'lifupi ndi 65 m'litali ngati ukufuna kumakoleka paphewa, upinde pakati n'kusita, utambasule, ubweretse mphepete zonse ziwiri pa mzere wapakatiwo, kenako upindenso. Utsala ndi lamba wa masentimita awiri ndi theka wa nsalu zinayi, wopanda mphepete yososoka. Usoke mbali zonse ziwiri. Pomangirira ku chikwama usangolowetsa nsonga m'mpendero wa pakamwa ayi. Lambayo atsike masentimita anayi kapena asanu, usoke kabokosi kozungulira, ndipo mkati mwa kabokosiko udutsitse misoko iwiri yopingasana kuchokera ngodya ndi ngodya. Ukatero nsalu ingang'ambike, koma chogwiriracho sichizuka.

Ndionjezepo kanthu kena ka kwathu kuno kodya kondowole. Zigamba zikakhala zofewa kwambiri moti zikuvuta kudula, tenga ufa wosalala wa chinangwa pang'ono, uusungunule m'madzi ozizira, uthire m'madzi owira mpaka achite ngati phala lamadzimadzi loonekera, ndipo likazizira uviikemo zigambazo, uyanike, usite zisanaumitsitse. Zimauma gwa ngati pepala ndipo sizitamuka pansi pa makina. Koma chikwama chikatha uchichape, chifukwa mphemvu zimakonda ufawo.

Mnyamata_wa_ku_Dwangwa
Ndionjezere za pansi pa chikwama, chifukwa chikangosokedwa chafulati sichinyamula poto kapena kabichi. Mukalumikiza mbali ziwirizo, dulani kabokosi ka masentimita asanu pa ngodya ziwiri za pansi, mutsegule ngodyayo kuti msoko wa m'mbali ugone pa msoko wa pansi, kenako musoke modutsa kawiri. Chikwama chidzakhala ndi pansi potambalala pafupifupi masentimita 10. Nsalu ya mkati muichitenso chimodzimodzi, koma muidule yocheperako ndi theka la sentimita kuti isakwinyike mkatimo, ndipo musiye kampata pansi pake kotembenuzira chikwama chonse.

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Ndikulemba zonsezi m'kope. Pali chinanso chimene ndapeza posankha zigamba. Zina ndi zotsala za nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ndipo zina ndi za nsalu ya mpingo yokhala ndi mawu a m'Baibulo. Mitundu yake ndi yokongola, koma mtima wanga ukukayika.

Mlongo_wa_ku_Chipoka
Za chipanizo zisiyeni, achemwali, kapena muziike mkati mosaoneka. Chikwama mudzayenda nacho kumsika, kuchipatala ndi kumaliro, ndipo mudzakumana ndi anthu a mbali zonse. Mukadula nkhope pakati, otsatira ake adzati mwanyoza, ndipo mukaisiya yathunthu, enawo adzati mukuchita kampeni.

Gogo_wa_ku_Linga
Za mpingozo ine sindingadule pamene pali mawu kapena chizindikiro, ndipo sindingaziike pansi pa chikwama pokhudza fumbi. Dula pamene pali maluwa okha. Tikukhala pamodzi Akhristu ndi Asilamu kuno kunyanja, ndipo nsalu ya chipembedzo cha mnzako umaipatsa ulemu womwewo umene ungafune pa yako.

Mayi_wa_Nsomba_Senga
Aphunzitsi, ndayesa zija munanena. Zigamba zonse ziwiri zasiya kufiira pa nsalu yoyera, cha mchere ndi chopanda mchere chomwe. Sindikunena kuti mwapambana, ndikungopereka lipoti.

Mphunzitsi_wa_ku_Benga
Lipotilo talilandira ndi manja awiri, amayi.

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Moni kachiwiri nonse, ndabwera kudzanena mmene zathera patapita masabata awiri. Mbali yoyamba ija ndinaimasula yonse ndi lezala, ndipo zinanditengera madzulo awiri. Ndinachapa zigamba, ndinachotsa zosungunuka, ndipo zitatu zofiira ndinazitaya chifukwa sizinasiye kusuluka. Mbali ya kutsogolo ndatsata agogo, pa shiti yakale ndi kabulangete ka mwana wanga wotsiriza, ndipo yagona pansi bwinobwino popanda khwinya. Mbali ya kumbuyo ndinati ndiyese katoni ya atelala, koma zigamba za masentimita 12 zinangopezeka zisanu ndi zinayi monga agogo ananenera, choncho ndinachepetsa katoniyo kufika pa masentimita 10 kuti chigamba chilichonse chioneke cha 8, zisanu m'litali ndi zisanu m'lifupi. Pa malo 16 pamene ngodya zimayenera kukumana, zakumana bwino pa malo 11, ndipo asanu otsalawo ndikuwaona ndine ndekha. Singano ya nambala 16 siinathyoke, ndipo ndazindikira kuti ndinkakokadi nsalu kumbuyo, moti tsopano dzanja lamanzere ndimaliika patsogolo. Dzulo ndanyamuliramo makilogalamu asanu a mpunga kuchokera pamsika, ndipo zogwirira za jinzi sizinagwedezeke. Apongozi anachipapasa ndi manja kwa nthawi yaitali, n'kufunsa ngati makina awo ndi amene asoka, ndipo bambo a kunyumba sanatchulenso za Kamuzu Road.

Cholakwika chimodzi chilipo. Chogwirira china ndinachisoka chitapotoka kamodzi, ndipo ndinaona nditamaliza kale kabokosi ndi misoko yopingasana ija. Kodi ndimasule, kapena ndichisiye?

Telala_wa_pa_Khonde
Masulani, amayi. Chidzakupwetekani paphewa mukanyamula katundu wolemera, ndipo nthawi iliyonse mukachiona mtima udzakuwawani. Ngodya 11 pa ulendo woyamba si zochepa, koma mundiuze ngati mizere munaisita mosinthanitsa, wina misoko yake kugonera kumanja, wotsatira kumanzere, chifukwa ndikukhulupirira kuti zisanu zotsalazo zinathawira pamenepo.

Wophunzira_wa_ku_Khombedza
Ayi bambo, yonse ndinaigonetsera mbali imodzi. Zimenezo simunandiuze.

Telala_wa_pa_Khonde
Ndiye kuti zisanuzo ndi mlandu wanga. Misoko ikagonera mbali zosiyana imalowana pokumana, moti mumaimva ndi chala kuti yakhazikika musanaike pini, komanso pamalopo sipachindikala.

Gogo_wa_ku_Linga
Pomasula chogwiriracho, mwanangu, lezala ilowe pakati pa jinzi ndi chikwama, ndipo mpeni wake uyang'ane ku jinzi, kuti dzanja likaterereka ucheke lamba amene ungathe kumusintha, osati zigamba zako. Umasule mbali imodzi yokha, inayo ilibe mlandu.